Mzinda wa Lucerne ndi Alendo Ace

 Lero ndikutengani ulendo wa kutali, ku Ulaya, ku dziko laling'ono la mapiri lochedwa Switzerland. Sindifuna kungokuuzani kuti kumeneko nkokongola, pakuti zimenezo mungathe kudzionera pa zithunzi. Ndifuna kuti tisanthule funso limene nkhalamba ya kwathu ingafunse itamva kuti munthu wataya ndalama zace zambiri kupita kukaona phiri: "Nanga phirilo ataliona, analitani?" Musaiseke nkhalambayo. Zaka mazana anai zapitazo Azungu eni ace akadafunsa cimodzimodzi. Kuyenda ulendo wautali popanda malonda, popanda maliro, popanda mlandu, koma kungofuna kudyetsa maso, si mwambo wa makedzana ai. Uli ndi ciyambi cace, ndipo malo amodzi amene ationetsa bwino m'mene unakulira ndiwo mzinda wa Lucerne ndi nyanja yace.

Tiyambe taona malowo. Lucerne ali pamene mtsinje wa Reuss utuluka m'nyanja imene eni ace amaicha dzina lotanthauza kuti Nyanja ya Maiko Anai a Nkhalango. Ife amene tidziwa nyanja ya Malawi, yotalika mamailosi oposa 350, iyi tingaiyese thamanda cabe, pakuti kutalika kwace ndi mamailosi ngati 24. Koma ndi yakuya, pena mapazi 700, ndipo inapindikapindika pakati pa mapiri monga mizu ya mtengo, kotero kuti wa m'bwato akayesa kuti yatha, phiri lipatuka ndipo madzi ena aonekera patsogolo. Mbali ina ya mzinda kuli phiri la miyala, la nsonga zonga mano a sowo, dzina lace Pilatus, lalitali mapazi pafupi 7,000. Tsidya lina kuli Rigi, phiri la msipu, la mapazi 5,900. Onse awiri acepa kwa Sapitwa wa ku Mulanje, ndipo Rigi safika ngakhale pa nsonga ya phiri la Zomba. Ndanena izi kuti mudziwiretu kuti si kukula kwa mapiri kumene kunaitana alendo.

Kale pamalopo panali kamudzi ka asodzi ndi nyumba ya amonke imene inamangidwa ca m'ma 750. Cimene cinakuza mudziwo ndi njira. Kumwera kwa nyanja kuli mapiri a Alps, amene achinga pakati pa maiko a Ajeremani ndi dziko la Italy. Ca m'ma 1230 anthu anakhoza kumanga ulalo pa cigwembe coopsa ca Schöllenen, natsegula mpata wa Gotthard. Kuyambira pamenepo amalonda ankakweza katundu wao m'mabwato pa Lucerne kufikira kumapeto kwa nyanja, kumene ankamsenzetsa nyulu ndi akavalo: ng'ombe ndi chizi kupita kumwera, vinyo ndi nsalu kubwera kumpoto. Alendo a masiku amenewo anali amalonda, asilikari, ndi akupembedza opita ku Roma. Panalibe ndi mmodzi yense wodzera mapiri. Phiri linali copinga cimene munthu anayenera kucipyola msanga, cisanu cisanamgwire.

Pamene padzera cuma sipasowa mkangano. Mafumu a banja la Habsburg anafuna kugwira njirayo, ndipo mu 1291 zigwa zitatu za m'mbali mwa nyanja, Uri, Schwyz ndi Unterwalden, zinapangana za kuthandizana. Mu 1332 Lucerne analowa m'panganolo, ndiwo maiko anai aja. Mu 1386 anakomana ndi nkhondo ya Habsburg pa Sempach, kufupi ndi mzinda, naigonjetsa, ndipo mtsogoleri wace Leopold anafera pomwepo. Ndi m'masiku a mantha ameneyo m'mene anamanga zinthu zimene alendo amazijambula lero. Linga la kumtunda kwa mzinda, lokhala ndi nsanja 9, linali la nkhondo. Ulalo wa matabwa wofoleredwa, Kapellbrücke, wa m'zaka za m'ma 1300, umene uoloka mtsinje copingasa, nao unali mbali ya linga; cifukwa cace khoma lace la ku nyanja ndi lalitali koposa la ku mzinda, kuti alonda abisale. Nsanja ya mbali 8 yoima m'madzi pambali pace inakhalapo ndende, inakhalapo pozunzira akaidi, inakhalaponso posungira cuma ca mzinda. M'zaka za m'ma 1600 anapacika pansi pa denga la ulalowo zithunzi zoposa 150 zojambulidwa pa matabwa a ngodya zitatu, zosimba mbiri ya mzinda ndi ya oyera mtima ace. Izinso sizinali za alendo, koma zophunzitsa ana a mzinda omwe amene anali kudzera pamenepo popita ku chalichi.

Kunena za mapiri, anthu a Lucerne anali kuwaopa. Tamverani za Pilatus. Nthano yao inati Pontio Pilato, uja anaweruza Yesu, atafa, mtembo wace unasowa pogona. Pali ponse pamene anautaya panabuka namondwe, kufikira anauponya m'kathawale ka pamwamba pa phiri limeneli. Anati munthu akangoponyamo mwala, mzimu wa Pilato udzakwiya nutsitsa mvula ya mkuntho pa mzinda. Cigumula ca mitsinje yocokera m'phirimo cinali coona, ndipo cinali kuononga kawirikawiri. Tsono akulu a mzinda analetsa kukwerako, nalumbiritsa abusa a ng'ombe kuti asaperekeze munthu ku thawalelo. Mu 1387 ansembe 6 anaponyedwa m'ndende cifukwa ca kuyesa kukwera. Inu a ku Mulanje, amene makolo anu anacha nsonga ya phiri lao dzina loletsa kupitako, simudzazizwa nazo.

Mantha ameneyo sanathe tsiku limodzi. Mu 1555 munthu wophunzira wa ku Zürich, Conrad Gessner, anapempha cilolezo, nakwera, nalemba kuti sanapezeko coopsa ciri conse, koma mpweya wabwino ndi maluwa ndi madzi ozizira. Mu 1585 wansembe wa mzinda anatsogolera khamu la anthu ku thawalelo. Anaponyamo miyala, nacha dzina la Pilato mokweza, ndipo ena analowa m'madzimo, napeza kuti ndi osaya. Kumwamba kunakhala ciri gwa. Mu 1594 akulu analamula kuti akumbe ngalande madziwo aphwe. Mantha anacepa, koma cikondi cinali cisanafike. Phiri linaleka kuopsa, koma linali lisanayambe kudyetsa munthu.

Apa ndipo pali mtima wa nkhani yathu. Dziko la mapiri ndi dziko la njala. Nthaka yolimidwa ndi yocepa, cisanu cikhala miyezi yambiri, ndipo munda wa atate sungakwanire ana amuna anai. Tsono Aswisi anayamba kugulitsa cinthu cimodzi cimene anali naco cocuruka, ndico mphamvu ya anyamata ao. Atagonjetsa Charles wa ku Burgundy mu 1476 ndi 1477, mbiri yao inawanda, ndipo mafumu a ku Ulaya analimbirana kulemba asilikari a Ciswisi. Papa Julius II anatenga gulu lace mu 1506, ndipo alonda a Ciswisi akali kulonda Papa kufikira lero. Koma wolemba wamkulu anali mfumu ya France. Mapangano anali kupangidwa ndi akulu a maiko aja, amene ankalandira ndalama caka ndi caka polola kuti anyamata alembedwe. Ndipo mabanja ochuka a mu Lucerne analemera ndi nchito yotsogolera magulu ameneyo. Nyumba zina zokongola za mumzindamo zinamangidwa ndi ndalama zotero. Inu amene atate anu kapena agogo anu anapita ku Joni ndi Wenela, kapena ku Halale ndi Mthandizi, mudziwa m'mene mudzi ukhalira amuna atacoka, ndi m'mene amai ayang'anira ku njira. Kusiyana kwace nkwakuti mgodi wa Aswisi unali nkhondo ya eni ace.

Machona ameneyo anali ndi nthenda yao. Anyamata ena, atakhala nthawi m'maiko a cidikha, ankayamba kukana cakudya, kusowa tulo, kuonda, ndipo ena ankafa popanda bala. Mu 1688 mnyamata wophunzira za mankhwala ku Basel, Johannes Hofer, analemba za nthendayo naipatsa dzina lacilendo limene madokotala analigwiritsa nchito zaka zambiri. Koma tanthauzo lace ndi kupukwa kwao basi, ndipo mankhwala amene anaona kuti acita bwino ndiwo kumtumiza wodwalayo kumudzi. Kunamvekanso mbiri yakuti m'magulu ena analetsa kuyimba nyimbo za abusa a ng'ombe, poopa kuti anyamata akazimva adzathawa. Taonani tsono: oyamba kulira mapiri a Switzerland sanali alendo, koma ana a dzikolo amene njala inawatulutsa.

Tsiku lowawa koposa la nchito imeneyi linali 10 August 1792. Anthu a mu Paris anaukira mfumu yao Louis XVI, nazinga nyumba yace ya Tuileries, imene inali kulondedwa ndi Aswisi ngati 900. Mfumu ndi banja lace anali atatuluka kale mamawa, kukabisala ku bwalo la aphungu. Mfuti zitayamba kulira, mfumu inatumiza kakalata kolamula kuti alonda atule zida. Anamvera, ndipo ambiri anaphedwa alikubwerera. Ena anaphedwa m'ndende mwezi wotsatira. Sindinena kuti anthu a mu Paris analibe cifukwa ca kukwiya, pakuti anali atatopa ndi ufumu umene sunawamvere. Koma anyamata a m'zigwa za kutali aja anafera nyumba imene mwini wace anali atacokamo, pa mlandu umene sunali wao.

Mmodzi wa atsogoleri a gululo, Karl Pfyffer, anapulumuka cifukwa anali pa chuthi kwao ku Lucerne. Patapita zaka anayamba kusonkhetsa ndalama za cikumbutso. Mmisiri wochuka wa ku Denmark, Bertel Thorvaldsen, anaumba citsanzo ali ku Roma, ndipo Lukas Ahorn anacisema pa thanthwe la pamalo pamene kale ankaswa miyala. Cinatha mu 1821. Ndi mkango wautali mapazi oposa 30, wogona m'phanga, mkondo wothyoka uli m'nthiti, dzanja lace liri pa cishango ca mfumu ya France. Malembo a pansi pace awerenga akufa ngati 760. Akatswiri ena a mbiri ati ciwerengero cimeneco cinakula, koma palibe wokana kuti anafa mazana. Si onse a m'dzikomo anakondwera naco. Ena anati, "Tilemekeza bwanji ana athu cifukwa ca kufera mfumu yacilendo?" Komabe mkangowo unakhala cinthu coyamba cimene mlendo ali yense wofika mu Lucerne anafunsa njira yace, ndipo posacedwa ogulitsa anayamba kusema timikango ta mtengo. Cikumbutso ca malonda akale cinasanduka katundu woyamba wa malonda atsopano.

Nanga cinasintha maso a anthu nciani? Mbali ina ndi mabuku. Alembi a m'zaka za m'ma 1700 anayamba kutama moyo wa abusa a m'mapiri, nati ndiwo anthu a ufulu, osaipitsidwa ndi m'mizinda. Mu 1804 Friedrich Schiller anatulutsa sewero lace la William Tell, munthu wa uta amene nthano iti analasa cipatso ciri pamutu pa mwana wace; zocitika zace zonse ziri m'mbali mwa nyanja yomweyi. Codabwitsa ncakuti Schiller sanapondeko ku Switzerland, ndipo ofufuza mbiri sanapeze umboni wakuti Tell anakhalako. Koma owerenga anafuna kukaona thanthwe pamene Tell analumphira, ndi dambo la Rütli pamene makolo analumbirira. Mbali ina ndi utsi. Mizinda ya ku England inali kudzala ndi mafakitale, ndipo munthu wokhala m'mwaye caka conse ayamba kuona madzi oyera ngati cuma.

Caka ca 1816 citionetsa zonse ziwiri pamodzi. Phiri la moto la Tambora, ku Indonesia, linaphulika mu 1815, ndipo pfumbi lace linaphimba dzuwa kufikira ku Ulaya. Caka cotsatira dzinja la Switzerland linali la mvula ndi cisanu. Mbeu zinaola, ndipo m'zigwa zina anthu anadya udzu. Mu 1819 anthu pafupi 2,000 anasamuka kupita ku Brazil, ndipo mazana anafera panjira. M'caka comweco ca njala, 1816, pamwamba pa Rigi anatsegula kanyumba koyamba ka alendo, ka makama 6, kolandira anthu amene anadza kudzaona dzuwa lirikutuluka. Pansi pa phiri anthu analikuthawa dziko, pamwamba pace ena analikulipira kuti aliyang'ane.

Alendo atacuruka, mzinda unatembenuka. Kale nyumba zinali kufulatira nyanja, pakuti nyanja inali njira ya katundu ndi ya adani. Tsopano alendo anafuna mazenera oyang'ana ku madzi. Sitima yoyamba ya moto inayenda pa nyanjayo mu 1837, hotela yaikulu ya Schweizerhof inatsegulidwa mu 1845, ndipo njanji inafika mu 1859. Kuti apeze malo, anakwirira gombe napasula ulalo wina wofoleredwa, Hofbrücke, umene unali wautali koposa Kapellbrücke. Anauphwasula pang'onopang'ono kuyambira 1835 kufikira 1852. Zipata ndi nsanja zambiri za linga zinagwetsedwanso. Walira mvula walira matope: pofuna kulandira anthu odzaona zakale, mzinda unagwetsa zakale zambiri ndi manja ace.

Panalinso cina cimene cinaoneka pa gombe latsopanolo. Mu July 1857 mlembi wa ku Russia, Leo Tolstoy, anagona pa Schweizerhof. Madzulo ena kunafika kamunthu kosauka koyimba ndi gitala, nikayimba pansi pa makhonde nthawi yaitali. Alendo olemera anatuluka, namvetsera ali cete; koma pamene woyimbayo anatambasula cipewa cace, panalibe woponyamo kanthu, ndipo ena anamseka. Tolstoy anapsa mtima, namtsata munthuyo, nalowa naye m'hotelamo kukamwa naye vinyo wa mtengo wapatali pamaso pa onse. Pambuyo pace analemba nkhani yochedwa ndi dzina la mzindawo. Ine ndiyesa kuti anaona msanga cimene ena anacedwa kuciona, kuti mlendo wodzera kukongola akhoza kuyang'ana phiri ndi misozi m'maso osamuona munthu woima patsogolo pace.

Kufikira nthawi imeneyo ulendo wotere unali wa olemera okha. Amene anatsegulira ena khomo ndiye Thomas Cook, Mngelezi wa mpingo wa Baptist, wodana ndi mowa. Mu 1841 anatenga anthu ngati 500 pa sitima kucokera ku Leicester kupita ku Loughborough, ku msonkhano wotsutsa kuledzera, yense nalipira shileni imodzi. Anaona kuti akagula matikiti ambiri pamodzi mtengo utsika, ndi kuti anthu aopa ulendo cifukwa ca cinenero ndi ndalama zacilendo, koma akakhala ndi wowatsogolera alimba mtima. Mu June 1863 anatsogolera gulu lace loyamba ku Switzerland. Tidziwa bwino za ulendowo cifukwa ca mai wina wa zaka 31 wa ku Selby, Jemima Morrell, amene anapita ndi mlongo wace ndi anzao owerengeka, nalemba zonse m'buku. Bukulo linakhala lobisika, linapezeka nkhondo yaciwiri itatha, ndipo linasindikizidwa mu 1963. Anayenda milungu itatu: pa sitima, pa ngolo, pa nyulu, ndi mitunda yambiri pansi, akazi atabvala madiresi ao otambalala kufikira ku mapazi, kudzuka usiku ndi kugona mocedwa. Anadzera ku Paris, ku Geneva, ku Chamonix, napyola mpata wa Gemmi, natsikira ku Interlaken, nafika ku Lucerne. Zonse sizinafike mapaundi 20 munthu mmodzi. Musaiyese ndalama yocepa, pakuti waganyu wa m'munda ku England sanali kulandira paundi imodzi pa mlungu. Koma mphunzitsi, kalaliki ndi mwini sitolo anakhoza kuisunga. Olemera ananyansidwa nao alendo atsopanowa, nalemba m'manyuzi kuti ayenda ngati nkhosa. Kudandaula kuti alendo acuruka kunayamba ndi alendo anzao.

Cimaliziro ca ulendo wotere cinali kukwera Rigi. Sitima inali kuwatsitsa pa mudzi wa Weggis, ndipo kucokera pamenepo anakwera mapazi ngati 4,500, nafika pamwamba kutada. Usiku ukali, munthu ankaliza lipenga lalitali la mtengo, ndipo alendo ankatuluka alikunjenjemera, ena atapfunda mabulangete a hotela ngakhale panali cidziwitso coletsa, naima pa mphepo kudikira. Tsiku labwino dzuwa linkayamba kufiiritsa nsonga za cipale cofewa imodzi imodzi, nyanja zambiri nizionekera pansi. Tsiku loipa ankaona nkhungu yokha. Koma tisaiwale amene anawakweza. Amuna a m'midzi ya pansi pa phiri ankasenza mabokosi kumsana, ndipo olemera ndi olefuka ankawanyamula pa mpando wa mitengo iwiri. Akulu amene anamva za macila a Azungu oyamba m'maiko athu adziwa kulemera kwa munthu pa phewa pokwera mtunda. Inali nchito yowawa, koma inali ya kwao. Madzulo munthu anali kugona m'nyumba mwace.

Mu 1868 Mfumukazi Victoria, ikali kulira mwamuna wace Albert amene anamwalira mu 1861, inakhala milungu isanu mu Lucerne pa dzina lobisika, nikwera Rigi ndi Pilatus pa kavalo. Mbiri itamveka, Angelezi anakhamukira kumeneko. Ndipo mmisiri wina, Niklaus Riggenbach, anakonza njanji ya mano pakati, ndi gudumu la mano loluma m'menemo, kuti sitima ikwere phiri osaterereka. Inatsegulidwa pa 21 May 1871 kucokera ku Vitznau, yoyamba yotere mu Ulaya, ndipo mu 1873 inafika pa nsonga. Onyamula aja nchito inawathera m'zaka zowerengeka. Mu 1889 Pilatus yemwe, phiri limene ansembe anamangidwira, anamuikira njanji yace, yokwera pafupi phazi limodzi pa mapazi awiri ali onse pamene patsetsereka koposa.

M'zaka zomwezo malonda a asilikari anatsekedwa. Malamulo a dziko a 1848 analetsa mapangano atsopano ndi mafumu acilendo, ndipo lamulo la 1859 linaletsa kulemba anyamata. Ndingacimwe ndikakuuzani kuti alendo okha ndiwo analemeretsa Switzerland. Nsalu, mawochi, makina, mankhwala ndi mabanki zinacita zambiri. Koma m'zigwa za mapiri, m'mene munalibe fakitale, hotela ndi sitima ndizo zinapatsa mnyamata cifukwa ca kukhala. Ndipo gudumu linatembenuka. Pamene anaboola phiri la Gotthard kuti njanji ipite ku Italy, kuyambira 1872 kufikira 1882, mphanga ya mamailosi 9, okumba ambiri anali amphawi a ku Italy. Pafupi 200 anafera pa nchitoyo, ndipo mu 1875, atanyanyala pa Göschenen cifukwa ca utsi ndi malipiro, anaomberedwa mfuti, anai nafa. Dziko limene linali kutumiza machona linayamba kulandira machona a eni ace.

Akulu anati mlendo ndi mame. Mu August 1914 nkhondo itabuka, mahotela anakhala pululu m'masiku owerengeka, eni ace nagwa m'ngongole, kotero kuti mu 1915 boma linaletsa kumanga mahotela atsopano popanda cilolezo. Zinacitikanso mu 2020, pamene mliri unatseka malire a maiko. Kampani ya Cook yomwe inagwa mu 2019, itakhala zaka 178. Pakati pa nyengo zoterezi bvuto likhala lina, la kucuruka. Lucerne ndi mzinda wa anthu oposa 80,000 pang'ono, ndipo alendo ocokera ku America, ku India ndi ku China amatsika m'mabasi, ena kukhala maora awiri okha: mkango, ulalo, sitolo ya mawochi, basi. Eni nyumba ataona kuti mlendo wa masiku atatu alipira koposa banja la caka conse, ana a mzinda anayamba kusowa pokhala. Ndipo mu 2023 anthu anabvota kuti nyumba yokhalamo isabwerekedwe kwa alendo masiku oposa 90 pa caka.

Nditsirize ndi ulalo uja. Usiku wa pa 18 August 1993 moto unabuka pa Kapellbrücke, nuthamanga pansi pa denga louma, ndipo kusanace mbali yaikulu ya ulalo inali itapsa, pamodzi ndi zithunzi zambiri za m'ma 1600. Nsanja ya miyala inatsala. Anthu anaima pa gombe alikulira. Zidzukulu za aja anapasula Hofbrücke pofuna malo a mahotela zinamanganso ulalo uwu m'miyezi 8, ndipo unatsegulidwa pa 14 April 1994. Matabwa anapezeka, amisiri anapezeka. Cobvuta cinali zithunzi. Munthu wina wacuma analipira kuti ajambule zofanana nazo, ndipo panali mkangano wa zaka, ena nati alendo afuna kuona ulalo wathunthu. Mu 2014 nkhaniyo inafika pa bvoti, ndipo anthu a mzinda anakana kupacika zofanizira. Tsono woyenda pa ulalowo apeza zithunzi zenizeni kumapeto kuwiri, mipata ina yopanda kanthu, ndi matabwa ena akuda bii, monga moto unawasiyira, ali pamwamba pa mitu ya anthu odutsa.